Mbatatesi ndi nyama yogaya: zipse kaye musanalowetse mu uvuni

Amake Dalitso, mwafunsa chakudya cha mu uvuni chokwanira anthu 6 Lamlungu, ndipo mwati ulendo watha mbatatesi inatuluka ili gwa, pansi pa mbale pali madzi okhaokha. Chakudyacho musachisiye ayi, n'chabwino kale. Vuto ndi loti uvuni munaupatsa ntchito yonse. Zonse zipse kaye pa chitofu, uvuni ungogwirizanitsa ndi kufiiritsa pamwamba.

Gulani mbatatesi 1.5 kg, nyama yogaya 500 g, anyezi 2, matimati 4, mkaka 500 ml, ndipo mukhale ndi fulawa ndi majarini, chilichonse masupuni 3. Ku Soweto Market, msika wa mu Lusaka, sankhani mbatatesi yolimba, yopanda mawanga obiriwira; yobiriwira imawawa ndiponso si yabwino m'mimba. Tchizi 100 g ngati thumba lalola, koma popanda iyo chakudya chimakomabe.

Mbatatesi inalimba pa zifukwa ziwiri. Ikakumana ndi matimati ili yaiwisi, kuwawasa kwa matimatiwo kumaiumitsa, moti ngakhale ikhale ola lathunthu mu uvuni siifewa bwino. Komanso Lusaka ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye madzi kuno amawira pa madigiri 96, osati 100. Zowiritsa zimachedwerapo pang'ono. Choncho sendani, dulani mopyapyala ngati theka la sentimita, muwiritse m'madzi a mchere mphindi 8. Mpeni uzilowa koma chidutswa chisamanyenyeke. Khuthulani madzi, muiyale pa thireyi nthunzi ituluke.

Nyama muikazinge pa moto waukulu, theka kenako theka linalo. Mukaiunjika yonse m'poto imatulutsa madzi n'kuyamba kuwira m'malo mofiira, ndipo fungo lokoma lija silibwera. Mafuta akachuluka tapanimo. Thirani anyezi, adyo, matimati, mchere ndi tsabola, muphike osavundikira mpaka msuzi uphwe. Mukakoka mthiko pansi pa poto, njira yake izitsala yooneka. Madzi munawapeza pansi pa mbale aja anachokera apa.

Msuzi woyera: sungunulani majarini, ikani fulawa, takasani mphindi 2, kenako mkaka pang'onopang'ono uku mukutakasabe kuti pasakhale mibulu. Ukhale ngati phala la mwana. Mkaka wokha musathire pa nyama ya matimati, umasweka. Fulawa ndi amene amaugwira.

Pakani majarini mbale ya 20 x 30 cm. Pansi mbatatesi, pakati nyama, pamwamba mbatatesi yotsala, msuzi woyera uphimbe zonse mpaka m'makona. Uvuni utenthe kaye pa madigiri 180, ndiye mphindi 30 mpaka 35 osavundikira, kufikira pamwamba pafiire ndipo m'mbali muzibwata.

Za magetsi musadandaule. Akazima, mbaula imamaliza ntchito monga timachitira ndi chikondamoyo. Sanjani zonse m'poto yachitsulo yolemera, osati mbale yagalasi, imeneyo imasweka ikakhudza makala. Pansi musiye makala ochepa okutidwa ndi phulusa, ambiri muike pa chivundikiro. Anthu ambiri amachita mosemphanitsa, mapeto ake pansi papserera pamwamba pali poyera. Muzizunguliza poto mphindi 10 zilizonse, ndipo potsegula yambani mwachotsa makala kuti phulusa lisagweremo.

Mukatulutsa, ana asakukakamizeni kudula pompo. Chikhale mphindi 15 kuti chigwirane, apo ayi chimangomwazika pa mbale. Pambali ikani repu kapena kabichi wokazinga pang'ono. Chotsala chilowe mufiriji pasanathe maola 2, ndipo chidyedwe masiku 3 asanakwane, mutachitenthetsa mpaka pakati.