Ambulera yaikulu ya kunyanja yopirira mphepo

Achimwene, popeza mukufuna yokaimika pamchenga ku Senga Bay, gulani yotambalala mamita 2 mpaka 2.4, yokhala ndi mpata wotulukira mphepo pansonga, ndipo timitengo totambasula nsalu tikhale ta fibreglass (pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi). Yoposa pamenepo imakola mphepo yambiri. Fibreglass imawerama n'kubwerera, pomwe mawaya achitsulo akapindika ndiye apindika, kenaka dzimbiri. Mtengo wapakati ukhale wa aluminiyamu, wonenepa mamilimita 32 kapena kuposa.

Komatu ambulera zambiri sizithyoka, zimazuka. Musangoisomeka. Pezani chomangira chonga sikuluwu, muchipotokolere pansi masentimita 40 mpaka 45, mumchenga wonyowa wam'kati, chifukwa wouma wapamwambawu sugwira kanthu. Kwirirani, pondani mozungulira, ndipo mumangirire thumba la mchenga patsinde. Ipendekereni kumene mphepo ikuchokera kuti iziikanikizira pansi. Mphepo ikalowera kunsi kwa nsalu, ambulera yapita.

Pogula yang'anitsitsani pachigongono cha mtengo wapakati, pomwe ambulera imapendekera. Ngati ndi papulasitiki, mpomwe pamayamba kusweka. Onaninso timatumba tolowamo nsonga za timitengo, ngati tasokedwa kawiri.

Mwera wa June ndi July musalimbane nawo. Mchenga ukayamba kukulasani m'miyendo, pindani muigoneke pansi, chifukwa ambulera youluka imabaya munthu. Musaisiyenso yotambasula mukamakasambira, ndipo musaisunge yonyowa, nsalu imachita nkhungu.

Ngati ndi za palodge zoti zizikhala panja nthawi zonse, funsani injiniya wa zomangamanga akuyezereni maziko a simenti. Zonyamulazi sizinapangidwire ntchito imeneyo.