Anzanga akuti ndakhwima. Kodi n'zoona?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa ku Area 25 amene akuphunzira ntchito yothandiza anthu pangozi. Akuti: "Tinakanyamula mnyamata wa kabaza amene anagundidwa ndi lole pamsewu wa M1. Anatisiya tili m'njira. Ine sindinamve kalikonse, kunyumba nsima ndinadya bwinobwino, koma papita milungu itatu tulo sindikutiona. Anzanga akuti ndakhwima. Kodi n'zoona?"

Mng'ono wanga, kuuma mtima tsiku la ngoziyo si vuto. Pa nthawi ngati imeneyo thupi limatulutsa adrenaline, timadzi topatsa mphamvu mwadzidzidzi, maso amakhala pa magazi ndi mpweya wa wodwala, chisoni chimadikira kaye. Chimene chandiimitsa m'kalata yako ndi milungu itatuyo.

Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linafotokoza kutoperatu ndi ntchito, kumene achizungu amati burnout, ndi zizindikiro zitatu: mphamvu kutheratu, mtima kutalikirana ndi ntchito, ndi kuona ngati palibe chimene ukukwanitsa. Chachiwiricho n'chonyenga, chifukwa chimafanana ndi kukhwima. Umayamba kunena kuti "wa mwendo uja" m'malo mwa dzina la munthu, anzako n'kumakuyamikira kuti walimba. Ine ndinafikapo pamenepo. Ndinazindikira tsiku limene ndinakalipira mayi wina wodikirira mwana chifukwa chongondifunsa nthawi.

Chimene chinandibweza sichinali semina ayi. Anali adalaivala athu a ambulansi, bambo achikulire. Tikatsuka machira, manja akununkha kolorini, ankandikokera pa chiwaya. Tchipisi chili m'kajumbo, iwo n'kufunsa kuti, "Lero chakukhala pamtima n'chiti?" Poyamba ndinkangoti palibe. Iwo ankangodya osandifulumiza, mpaka ndinayamba kulankhula. Mutu umodzi susenza denga, ndipo amene anali nawe mu ambulansi safuna kumufotokozera zambiri. Peza wako wotero, usanakwere minibasi ya ku 25.

Za tulo usanyengerere. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7. Ukachoka ku naiti tseka makatani, foni ikhale patali, ndipo zakumwa zopatsa mphamvu zija uzisiye shifiti ikamapita kumapeto. Mowa umagonetsa msanga koma tulo take n'todukaduka.

Ngati mwezi ukwana nkhope ya mnyamatayo ikukubwererabe, kapena ukuzemba kudutsa pamalo pangoziyo, uza mphunzitsi amene umamukhulupirira, ndipo upite ukaonane ndi aphungu. Ku St John of God, kumene amathandiza odwala maganizo konkuno ku Lilongwe, alipo. Maganizo odzivulaza akabwera, usadikire mweziwo, pita tsiku lomwelo.

Undilemberenso Lachisanu, undiuze kuti wagona maola angati.