Kwa achemwali osamukira ku Zolozolo: musanabwereke lole yachiwiri

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati kumapeto a mwezi uno mukuchoka m'nyumba ya zipinda zogona zitatu ku Katoto kupita m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Zolozolo, katundu sakwana, bambo a kunyumba sakufuna kumva zotaya mawailesi awo akufa, ndiponso pansi pa bedi pali masutikesi awiri a zovala za malemu mayi anu omwe simunawatsegulepo. Ena akulangizani kuti mupeze kachipinda ka lendi musungitseko zotsalazo. Ine ndikuti ndalama imeneyo musawononge, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Mzuzu ndi mzinda wa chinyezi. Anzathu a ku Lilongwe akamakolola, ife mvula imakhala ikugwabe mu April, nthawi zina mpaka May. Ikangoleka, June ndi July amabwera ndi nkhungu komanso kamvula kowaza kaja kosadziwika ngati kayamba kapena katha. Makoma sauma msanga, makamaka a chipinda chotseka chimene simulowa dzuwa. Chilichonse chomwe mwachitsekera m'katoni n'kuchikankhira kukhoma mwachipereka kwa chuku, njenjete, mphemvu ndi makoswe. Ine ndinaphunzira ndi zanga zomwe. Posamuka ku Chibavi kubwera ku Luwinga kuno, ndinanyamula makatoni asanu omwe ndinali nditawamanga pa msamuko wina zaka zinayi m'mbuyomo osawamasulanso. Nditawatsegula ndinapeza nsapato zachikopa zitabiriwira ngati msipu, zidendene zikuchoka zokha, mabuku anga a ku koleji chiswe chitadya pakati n'kusiya zikuto zokhazokha. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti zinyalala zimenezi ndinazilipirira lole kawiri, ndipo zaka zonsezo zinali ndi chipinda chawochawo pomwe ana anga amagona atatu bedi limodzi.

Tawerengerani nokha. Tinene kuti nyumba ya zipinda zitatu mumalipira K150,000 pamwezi, ndipo chimodzi mwadzaza katundu wosagwira ntchito. Ndiye kuti katunduyo akudya K50,000 pamwezi, K600,000 pachaka. Ikani lendi yanu yeniyeni pamenepo, kenako mudzifunse ngati zonse zili m'chipindamo mutazigulitsa zingafike pa ndalama imeneyo.

Koma ndisanapitirire, ndikuchenjezeni za zithunzi za pa intaneti zija, za nyumba zoyera mbee, mpando umodzi, kapu imodzi, duwa limodzi pathebulo. Eni ake salandira alendo asanu ndi mmodzi kuchokera ku Rumphi kapena ku Mzimba obwera mosauza, kudzadikirira wodwala ku Mzuzu Central. Ife timalandira. Mphasa, matiresi apadera, mabulangete owonjezera, poto wamkulu wa pamaliro, mbaula ya pamene magetsi azima, zigubu za pamene madzi asiya kutuluka, zimenezi si zinyalala ngakhale zitakhala miyezi osagwiritsidwa ntchito. Komanso mantha anu oti mukataya simudzagulanso ndi omveka. Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, palibe chimene chinabwerera pamtengo wake wakale. Choncho makina osokera ogwira ntchito, firiji, mapoto olimba, zipangizo za ukalipentala, musazitaye chifukwa cha kutopa kwa sabata imodzi.

Funso lomwe linandithandiza ine ndi ili: m'chaka chathachi, kuphatikiza dzinja, nyengo yozizira, Khirisimasi, ukwati umodzi ndi maliro amodzi, chinthu ichi chinagwiridwapo ndi dzanja la munthu? Chaka chathunthu chikadutsa ndi zochitika zonsezo osachifuna, ndiye kuti tsiku lake limene mukulidikira silikubwera.

Yambani ndi mapepala, lero lomwe, musanakhudze china chilichonse. Ziphaso za unzika, masetifiketi a MSCE ndi a koleji, mtchatho wa ukwati, mapepala a malo, mabuku a kuchipatala a ana, zithunzi za makolo. Ikani m'pulasitiki yokhuthala, mutseke bwino, musunge pamwamba, ndipo chilichonse muchijambule pa foni n'kutumiza kwa m'bale amene mumamukhulupirira. Amene tinali muno mu April 2016, mvula ija itagwetsa nyumba m'madera angapo a mumzinda, tikukumbukira kuti mipando anthu anagulanso pang'onopang'ono, koma kuyendera setifiketi yonyowa kunali ntchito ina. Tsiku losamuka thumba limeneli musalikweze pa lole, mulinyamule nokha m'manja. Mapepala ena onse, malisiti akalekale, makope a ana a sitandade 3, makalendala a zaka zapita, apite.

Kenako zovala, ndipo apa ndi pomwe ife amayi timadzinamiza. Tulutsani zonse muunjike pabedi kuti muone ndi maso kukula kwa mulu. Ine nditatero ndinawerenga zitenje zoposa makumi anayi. China cha chinkhoswe cha mwana wa anzanga, china cha bridal shower, china cha chikondwerero cha ku tchalitchi, china cha chipani chomwe sindinachivotere n'komwe, china cha bungwe lomwe linatha kalekale. Zambiri ndinavala tsiku limodzi lokha. Ndinasankha khumi: za ku tchalitchi, za pamaliro, za pakhomo. Zina ndinapita nazo kwa telala anasokera ana madiresi ndi zovundikira mapilo, zotsala ndinatumiza kumudzi komwe chitenje sichikhala sabata osapeza ntchito. Majuzi ndi majekete musachite nawo nkhanza, muno ndi mu Mzuzu, koma munthu mmodzi safuna majekete asanu ndi awiri. Diresi lomwe mukudikira kuti mudzaonde kuti lidzakukwaneni, mupatseni mng'ono wanu alivale likadali m'fasho. Zong'ambika zenizeni musapatse munthu, n'chipongwe. Dulani zikhale zokolopera ndi zopondera pakhomo.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo pa nkhani iyi mawuwo ndi oona ngakhale mutawatenga monga momwe alili. Bulangete lomwe lili pabedi la adzakhali anu likusungika bwino kuposa lomwe lili m'katoni mwanu. Chongofunika n'chakuti thumba lililonse lopereka likhale ndi dzina la munthu ndi tsiku loti lichoke. Thumba lolembedwa kuti "zopereka" basi lidzasamuka nanu kupita ku Zolozolo, ndikulumbira. Ngati abale akwana, funsani amayi a Umanyano kapena a bungwe la amayi ku mpingo kwanu, iwo amadziwa khomo lomwe kuli ana osowa juzi. Zing'onozing'ono mukhoza kungokweza pa njinga za hayala za sacramento zikafike tsiku lomwelo.

Kukhitchini sindichedwako. Mabotolo a Sobo, zigubu za mafuta ophikira, zitini za margarine, sungani zochepa zomwe mumathiramo zinthu, zina mupatse amayi ogulitsa thobwa ndi mafuta oyeza, adzakuthokozani. Mabeseni ndi ndowa zosweka zomwe mwakhala mukunena kuti mudzamatitsa, mwina mumatitse sabata ino kapena zichoke. Ndipo mbale zokongola za pa ukwati wanu zomwe zakhala m'kabati ya pabalaza zaka khumi kudikira alendo olemekezeka, zitulutseni muzidyeramo, ndiye mupereke zapulasitiki zofwifwa zija.

Zogulitsa, yambani msanga ndipo musakhale ndi mtima wa mtengo womwe munagulira. Jambulani masana panja, lembani mtengo pachithunzi pomwepo, ikani pa status ya WhatsApp ndi m'magulu a malonda a pa Facebook. Mabedi, matebulo owerengera, mahotipuleti ndi mashelefu amayenda msanga kwa ophunzira a ku Mzuni okhala m'nyumba za lendi ku Luwinga kuno, makamaka sukulu ikamatsegulidwa. Zovala musayembekezere phindu, simungapikisane ndi kaunjika. Lamulo langa ndi limodzi: katundu sachoka pakhomo ndalama isanalowe pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo muone ndalamayo mu akaunti yanu, osangokhulupirira uthenga womwe munthu akukuonetsani pa foni yake. Ngongole ya "ndidzakupatsani pa malipiro" kwa mnansi amene mukumusiya ku Katoto, muiwerengere ngati mphatso. Chimene sichinagulidwe pofika masiku atatu musanasamuke, chilowe m'gulu la zopereka.

Tsopano masutikesi a mayi. Pepani, achemwali. Apa sindikufulumizani, ndipo aliyense wokuuzani kuti "ndi zovala chabe" sanaikepo mayi wake m'manda. Komabe ndinene ziwiri. Choyamba, zovalazo si zanu nokha. Mwambo wathu umafuna kuti zovala za malemu zigawidwe abale atakhala pansi, ndipo ngakhale lamulo la chuma cha masiye la 2011 limawerengera ana onse a malemu. Mukangozipereka panokha, ngakhale ndi mtima wabwino, padzapezeka wina wodzati munadya chuma cha mayi, nkhani n'kukula kuposa masutikesiwo. Imbirani azichemwali ndi azichimwene anu, muwauze amalume kapena adzakhali, mugwirizane tsiku. Mabanja ena amadikira nthawi ya chiliza, zili kwa inu. Chachiwiri, ngakhale tsikulo litakhala kutali, masutikesiwo atseguleni sabata ino, dzuwa likawala muyanike zonse panja. Musakhale nokha potero, itanani wina. Ine masutikesi a mayi anga ndinawasunga zaka zitatu osawatsegula poopa kulira, ndipo nditadzalimba mtima ndinalirabe, koma ndinalirira nsanza, chifukwa njenjete zinali zitamaliza juzi yomwe ankaikonda. Chomwe ndinapulumutsa ndi chitenje chimodzi, duku, ndi buku lawo la nyimbo lomwe analembamo mayina athu ndi masiku athu obadwa. Zitatu zimenezi zimandikwanira. Chitenjecho ndimafunda m'miyendo madzulo a mu July.

Za mawailesi a bambo, musayerekeze kutaya iwo ali kuntchito. Mudzapambana tsiku limodzi n'kuluza mtendere wa chaka. Yambani ndi zanu, aone okha mulu wa zitenje ukuchepa. Kenako muwapatse katoni imodzi yolimba, muwauze kuti chilichonse chokwana mmenemo chikupita nafe, ndipo asankhe okha. Amuna anga atapatsidwa katoni yawo anakhala Loweruka lonse pakhonde, n'kupeza kuti mwa mafoni asanu ndi limodzi akufa panalibe ngakhale imodzi yomwe ankakumbukira vuto lake. Zotsala mupite nazo kwa okonza mawailesi ndi mafoni kumsika, amatengako zipangizo, ndipo zitsulo monga mafelemu a njinga ndi malata odooka, ogula zitsulo zakutha amayeza pa sikelo n'kukupatsani kenakake.

Pali zina zosayenera kupatsa munthu kapena kuponya pamoto. Mankhwala otsala ndi otha nthawi musagawire anansi, funsani ku pharmacy kapena kuchipatala momwe mungawatayire. Mabatire, makamaka a foni otupa aja, amaphulika pamoto. Mapulasitiki ndi matiresi akutha musawotche pakhomo, utsi wake ndi woipa pachifuwa cha ana. Matayala akale ndi zitini zomwe zili kuseri kwa nyumba musapite nazo, zimasunga madzi a mvula n'kumaswetsa udzudzu.

Mukakafika ku Zolozolo, kabati ndi bedi musazigundike kukhoma, siyani mpata wolowa dzanja kuti mpweya uziyenda, ndipo chilichonse chosungidwa chikhale pa thabwa kapena pa njerwa, osati pa simenti. Mawindo muzitsegula ngakhale kukuzizira.

Vuto lomwe latsala ndi lomwe ine mpaka pano ndikulimbana nalo, ndiye ndisadzionetse ngati katswiri. Katundu ameneyu sanagwe kumwamba, tinamugula tokha, pang'onopang'ono. Munthu umapita kumsika kukagula tomato, wamva kuti atsegula belo latsopano, wabwera ndi mabulauzi atatu chifukwa anali otchipa. Wadutsa ku msika wa Taifa kukangoona, watuluka ndi chitenje china. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chomwe chandithandizako n'choti ndikapita kumsika ndimanyamula ndalama ya zomwe ndalemba basi, ndipo ndikakopeka ndi chinthu ndimamuuza wogulitsa kuti ndibwera mawa. Kawirikawiri mawalo ndimakhala nditaiwala. Za zitenje za pa zochitika, ndinayamba kuuza anzanga poyera kuti ndidzabwera ndipo perekaniperekani ndidzavina, koma yunifolomu sindigula. Awiri anakwiya, mmodzi mpaka lero amandipatsa moni wa pakamwa pokha.

Mwatsala ndi masabata atatu. Ino ikhale ya mapepala, zovala ndi kuyanika za mayi. Yamawa ikhale ya khitchini, katoni ya bambo ndi kugulitsa. Yomaliza muzingomanga. Lole mubwereke imodzi, ndipo mwini wake mumuuziretu kuti ulendo ndi umodzi, kuti pasakhale pothawira. Ngati pa katundu wanu pali shelefu ya mabuku yosadyedwa ndi chiswe, ndijambulireni, mwana wanga wa Fomu 3 akuifuna.