Kampani yakweza mtengo wa magetsi, kodi ndisamukire kwa ina?

Mayi wina anandilembera imelo sabata yatha. Kumene amakhala kuli makampani angapo ogulitsa magetsi, ndipo kampani imene imawagulitsa iwo yawauza kuti mtengo ukwera mwezi wamawa, ndiye akufunsa ngati asamukire kwa ina. Funsoli ndi lalifupi, koma landikhala pamtima masiku atatu, chifukwa ine ndinachitapo zimenezi ndipo ndinapsa nazo.

Munali mu 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu February, mtengo wa gasi utakwera moopsa. Kalata yonena za kukwera kwa mtengo ndinaiwerenga ndili chilili pakhomo, mtima uli thithithi. Usiku womwewo ndinayatsa kompyuta, ndinapeza kampani ina yotchipa pa yuniti, ndipo ndinavomera pangano lawo osaliwerenga. Bilu yoyamba itabwera ndinagwira pakamwa, inaposa ya kale. Chinandidya ndi ndalama ya tsiku ndi tsiku ija, imene amadula kaya mwayatsa getsi kaya nyumba yagona mumdima. Yawo inali yokwera, ndipo kwathu sitigwiritsa magetsi ambiri, choncho yuniti yotchipayo sinatithandize. Kampani yakale nayo inandilipitsa chindapusa chifukwa ndinachoka pangano lisanathe. Choipitsitsa, sindinalembe manambala a pamita tsiku losinthalo. Makampani onse awiri anangoyerekeza, ndipo ndinatha miyezi iwiri ndili pafoni, kufotokozera munthu watsopano nkhani yomweyomweyo tsiku lililonse.

N'chifukwa chake ndikamva wina akuti "ingosinthani basi" ndimapsa mtima. Mawaya obwera kunyumba kwanu sasintha, mita ndi yomweyo, magetsi ndi omwewo. Chimasintha ndi dzina la pabilu. Makampani ambiri amapikula magetsi pamsika umodzi, ndipo kumene magetsi ambiri amapangidwa ndi gasi, gasi akakwera onse amakweza. Amene sanakweze lero akweza posachedwa. Ena amene amatchipitsa kwambiri amakhala akudzikumbira dzenje. Ku Britain makampani oposa 20 ogulitsa magetsi ndi gasi anagwa mu 2021, makasitomala awo n'kusamutsidwira ku makampani amene sanawasankhe okha. Ine sindidzakhulupiriranso mtengo wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa malonda.

Chimene chinatsitsadi bilu yathu ndi china. Tsiku lina m'mawa ndinapeza hita ili chiyakire m'chipinda cha mwana wanga, iye atapita kale kusukulu. Hita ya ma watt 2,000 ikayaka ola limodzi yadya mayuniti 2. Babu la LED la ma watt 9 liyenera kuyaka maola oposa 200 kuti lifike pamenepo. Zaka zonsezi ndinkakalipira ana chifukwa cha mababu, pomwe ndalama zinkathera ku hita, giza ndi ketulo. Chilichonse chotenthetsa ndiye chimadya magetsi.

Nanga inu mutani, mayi?

Sindikuti musasinthe. Tengani mabilu a miyezi 12 yapitayi muwonkhetse mayuniti onse. Chulukitsani ndi mtengo wa yuniti wa kampani iliyonse, muwonjezere ndalama ya tsiku ndi tsiku ya masiku 365, kenako muyerekeze. Funsani ngati mtengo watsopanowo ndi wokhazikika kwa chaka kapena wotha kusintha, komanso ngati pali chindapusa chochokera kumene muli. Muimbirenso kampani yanu ya pano, nthawi zina imakhala ndi pangano lotchipirapo lomwe sinakuuzeni. Kusiyana kukakhala kwakukulu mutachotsa chindapusa, samukani, ndipo tsiku losinthalo mujambule mita ndi foni yanu.