Chilala chinagwetsadi ufumu wa Akkad?

Achimwene, mwafunsa ngati kusintha kwa nyengo kwadzidzidzi kunagwetsapo maufumu akale kapena ndi nkhambakamwa chabe. Zinachitikadi, taonani za Akkad, ufumu umene mfumu Sargon anakhazikitsa ku Mesopotamia, dera limene lero kuli Iraq ndi mbali ina ya Syria. Cha m'ma 2200 BC mvula inachepa kwambiri kumpoto kwa ufumuwu komwe anthu ankalima tirigu ndi barele podalira mvula yokha, ndiye mukudziwa nokha mvula ikadula zaka ziwiri basi nkhokwe zimakhala pululu, nanga ikavuta kwa mibadwo?

Ku Tell Leilan, kumpoto chakum'mawa kwa Syria, katswiri wofukula zinthu zakale Harvey Weiss wa ku yunivesite ya Yale anakumba mzinda umene anthu anausiya nkukhala bwinja pafupifupi zaka 300. Ine chimandikhudza kwambiri ndi dothi lakelo, pamwamba pa nyumba zomalizazo panaunjikana fumbi lobwera ndi mphepo, ndipo ngakhale timauna ta nyongolotsi timachita kusowa, nthaka inauma gwa. Matope a pansi pa nyanja ku Gulf of Oman nawonso akuonetsa fumbi lambiri la nthawi yomweyo.

Anthu ambiri analowera kummwera komwe ankathirira minda ndi madzi a mitsinje ya Tigris ndi Euphrates, pambuyo pake mafumu a mzinda wa Ur wa kummwerako mpaka anamanga khoma loti Aamori, mtundu wa abusa osamukasamuka, asalowe.

Koma tisanamizire chilala chokha ayi, kunalinso kuukirana mkati mwa ufumumo komanso nkhondo ndi Aguti ochokera kumapiri a Zagros, ndipo akatswiri ena mpaka lero amatsutsana ndi Weiss pa nkhani yoti nyengoyo inaononga zochuluka bwanji.