Amalume, chitini chija chimayaka

Amalume, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva, ndipo ndati ndiyankhe pompano musanayatse mbaula. Mwafunsa kuti, poti incorrect ndi cholakwika ndipo invisible ndi chosaoneka, kodi inflammable amene walembedwa pa chitini cha thinner (mankhwala osungunulira penti) mwagula chija akutanthauza kuti sichigwira moto? Ayi amalume, chonde. Chimayaka, ndipo chimayaka msanga zedi. Chichotseni kukhitchini, chikhale kutali ndi makala, kandulo ngakhale munthu wosuta fodya. Chitsekeninso zolimba, chifukwa chimene chimayamba kugwira moto ndi mpweya wotuluka m'chitinimo.

Nkhani yake ili chonchi. Chizungu chinabwereka mawu ambiri ku Chilatini, ndipo Chilatinicho chinali ndi ma in- awiri, olembedwa mofanana koma osiyana ntchito. Wina ndi wokana, ndiye uja mdzukulu wanu anakuuzani, sananame ayi. Winayo amatanthauza kulowa mkati. Ameneyu ndi amene ali mu inject, kubaya jekeseni kuti mankhwala alowe m'thupi, komanso mu include. Ndiye inflammable anachokera ku inflammare, kuyatsa chinthu, kuchilowetsa m'malawi. Flammable ndi inflammable ndi amodzi. Chosayaka amachilemba non-flammable.

Ifenso tili nazo zotere, eti. Chi- wa mu chimunthu akukuza munthuyo, chi- wa mu Chingoni akunena chilankhulo ndi mwambo, pomwe wa mu chimanga sakuchita chilichonse mwa ziwirizi. Mwana wobadwira kuno sasokonezeka nazo chifukwa anazimva ali kumbuyo kwa mayi ake, koma mlendo amavutika.

Mumuuzenso mdzukuluyo, poti ali pafupi kulemba MSCE, kuti in- wokana uja amasintha potengera lemba lotsatira. Pamaso pa p, b ndi m amakhala im-, monga impossible, immature. Pa l amakhala il-, illegal. Pa r ndi ir-, irregular. Koma wolowa mkati uja nayenso amasintha chimodzimodzi, n'chifukwa chake import si kukana kanthu, ndi kulowetsa katundu m'dziko. Alipo enanso amene amagwetsa ana ambiri. Invaluable si chinthu chachabechabe, ndi chamtengo wapatali moti sungachiikire mtengo. Inhabitable ndi malo oti munthu atha kukhalamo, osakhalika ndi uninhabitable. Mawu ngati awa asamangowaganizira, azitsegula dikishonale.

Inuyo pa zitini ndi mabotolo musadalire mawu okha. Yang'anani chithunzi cha lawi la moto chozingidwa ndi mzere wofiira wa ngodya zinayi. Mukachiona, kaya ndi penti, guluu kapena mankhwala opopera udzudzu, ikani kutali ndi moto. Tajambulani chitinicho mbali zonse munditumizire muno, ndikuwerengereni zina zimene alembapo.