Musadikire kuti temu ithe, achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati mungadikire mpaka sukulu itseke musanaike update yokonza mbali yolowera pa seva yanu ya Apache (pulogalamu yoyendetsa webusaiti ya sukulu), popeza makolo kuno ku Chipata akulowa bwinobwino kukaona zotsatira za ana awo. Ine ndikuti musadikire, ikani sabata ino.

Tsiku limene opanga pulogalamu atulutsa chigamba, kutanthauza update yotseka bowo la chitetezo, amakhala aululanso pamene panali pobooka. Vutolo limapatsidwa nambala ya CVE (mndandanda wapoyera wa mabowo a chitetezo odziwika), aliyense amatha kuliwerenga, ndipo akuba amayerekezera pulogalamu yakale ndi yatsopano n'kuona pamene pasokedwa. Kenako amatumiza timapulogalamu toyendayenda pa intaneti usana ndi usiku, kugogoda pa seva iliyonse. Timeneti sitisankha kuti iyi ndi banki ya ku London, iyi ndi sukulu ya ku Kapata. Ndipo bowo likakhala polowera penipeni, munthu angathe kudutsa alibe pasiwedi, inu n'kumaona ngati zonse zili bwino. Kampani ya Equifax ku America inachedwa chonchi mu 2017: chigamba cha Apache Struts, pulogalamu ina yopangira mawebusaiti, chinatuluka mu Malichi, iwo sanaike, pofika Meyi akuba anali atalowa, ndipo zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni zinabedwa.

Mantha anu ndikuwamvetsa, update nthawi zina imasokonezadi zinthu. Choncho yambani mwakopera database ndi mafayilo a config n'kusunga pa kompyuta ina. Sankhani madzulo pamene makolo salowa kwambiri, ndipo ngati seva ili mu ofesi momwemo, onetsetsani kuti batire ndi yodzaza, magetsi angakuthawireni ntchito ili pakati.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri timaiwala, ndipo chimandidetsa nkhawa. Mukaika chigamba koma osayambitsanso Apache, imene ikugwira ntchito imakhala ikadali yakale ija. Chitani restart, kenako yesani kulowa ndi pasiwedi yolondola, muyesenso ndi yolakwika.

Komanso chigamba chimatseka bowo, koma sichibweza zimene zinatuluka kale. Bowo lotchedwa Heartbleed la mu 2014 linkatulutsa mapasiwedi ndi makiyi achinsinsi kudzera mu OpenSSL, pulogalamu yobisa uthenga woyenda pa intaneti, moti anthu atakonza anafunika kusinthanso makiyiwo. Inunso werengani ma log (mafayilo olemba zochitika pa seva), muone ngati pali akaunti ya admin imene simukuidziwa, musinthe mapasiwedi a aphunzitsi onse, ndipo aliyense alowenso mwatsopano. Muli mayina ndi magiredi a ana a eni mmenemo, ndipo lamulo la Zambia la Data Protection Act la 2021 limafuna kuti wosunga zoterezi aziteteze.

Tiuzeni kuti seva ikuyendera chiyani, koma adiresi yake musailembe pano pagulu. Ngati ndi Linux ya mtundu wa CentOS 7, zigamba zake zinasiya kutuluka pa 30 Juni 2024, ndiye nkhani yake ikhala yosamutsa seva yonse, ndipo ndingakuthandizeni Loweruka.